Kuwala Kukazima

Kachipinda koyezera mankhwala ka Hilario ku Ngabu kanali ng'anjo yeniyeni, chifukwa mazenera ankatsekedwa ndi mabulangete dzuwa lili paliwombo. Ntchitoyo inkafuna mdima. Ankadontheza ululu wa mphiri m'kachubu ka madzi apadera, ndipo enzaimu, mphamvu yowononga ya mu ululuwo, ikayamba kugwira ntchito, kachubuko kankawala mobiriwira pansi pa nyale yabuluu. Akathiramo madzi a muzu woyenera, muzuwo unkaigwira enzaimuyo, kuwala kuja n'kuzilala. Wophunzira wake Esinala, mayi wa khanda la miyezi isanu, anasokoneza zimenezi kawiri konse, ndiye anadzilembera pabolodi kuti asaiwalenso: KUWALA KUKAZIMA, TAPAMBANA.

Anthu inu, m'dziko lomwe aliyense ankakuwa "Kwacha!" pamsonkhano uliwonse, mawu otere n'ngolemba pabolodi? Wina anasuzumira, nakatula nkhani kuchipani.

Anafika Lachitatu masana, anyamata asanu a malaya ofiira, patsogolo pali tcheyamani wawo Kaitano. Chitseko anachita kuchithyola ngakhale chinali chosakhoma. Machubu onse pansi phwaa, nyale ija anaiponda ndi nsapato. Esinala atati afotokoze za ululu, anam'menya mbama yoti anakagwera pakona, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Kaitano analoza bolodi, nafunsa kuti walemba ndani.

"Ndine," anatero Hilario.

Tsoka lake, Kaitano sanali mbuli, sukulu anaiponda ndithu. Anatola choko, nati a dokotala alembenso mawu omwewo m'munsimo kuti onse aone. Zilembo za Hilario zinali zazitali, zopendekera, pomwe za Esinala zinali zozungulira ngati mikanda. Akangolemba chilembo chimodzi, mtsikanayu akwera galimoto, ndipo khanda lija ligona osayamwa mpaka kalekale. Hilario anachita mantha, inde. Koma anakunga chibakera cha dzanja lamanja, nam'sasantha nacho Kaitano pakamwa, dzino n'kugwera pansi.

Zomwe ankafunazo anam'patsa mosefukira. Awiri anam'panikiza pathebulo, wachitatu anatambasula dzanja lomwe linamenyalo. Kaitano, akulavula magazi, anatenga kamunsi kachitsulo kosinjira mizu, nayamba ndi chala chachikulu. Anasinja chimodzichimodzi, osafulumira, mafupa akulira ngati mtedza. Hilario anakuwa mpaka mawu anatha. Atatha mpomwe Kaitano anakumbuka za choko chija, koma wolemba ndi dzanja lotero ndani? Anam'kankhira chokocho kumanzere, Hilario n'kukanda tizilembo tokhotakhota tosafanana ndi ta munthu aliyense. Anam'kokera kugalimoto, Esinala anam'siya pakona pomwepo.

Hilario anatuluka m'ndende patatha zaka zitatu. Anapeza mabulangete ali m'mazenera, nyale ina yatsopano, kamtsikana ka Esinala kakusewera pakhonde. Bolodi linali loyera, lopanda ngakhale kadontho ka choko. Esinala anam'lonjera atagwada, misozi ili mbwee, kenaka anam'patsa paipeti, kachubu kodonthezera mankhwala, monga ankachitira kale. Hilario anayesa kuifumbata. Zala zija zinakana kupinda, paipetiyo inagubuduzika pathebulo.

Esinala anaitola msanga isanagwe pansi, naima pomwe aphunzitsi ake ankaima.

"Madontho angati, aphunzitsi?"

"Atatu, mwanawe," anayankha Hilario. "Dzanja lisanjenjemere."