Nsalu Yopanda Chizindikiro

Hajra anali atatulutsa kale theka la zitenje m'bokosi la malemu pamene Sumaiya analowa n'kukhala pafupi ndi chitseko, pokhala alendo. Linali tsiku lachitatu chiikireni mayi ake a Sumaiya, mayi Maimuna, amene anakalambira m'sitolo ya nsalu pa Namitete.

Amalume ake, a Useni, anali pa mpando wokhawo m'chipindamo, ndodo ili pakati pa miyendo. Iwo ankatchula maina, Hajra, mkazi wa mchimwene wake wa Sumaiya, n'kumapinda ndi kuika pambali.

"Cha Holland cha mbalamecho chipite ku Mpingu, kwa mng'ono wa malemu. Chobiriwiracho n'chako, Hajra. Unawasamala."

Sumaiya ankadikira dzina lake. Analidikiranso tsiku la maliro, amayi ena akusambitsa thupi iye ataima panja. Chikwatiwireni ndi Sydney, mphunzitsi wa ku Nambuma, mwana wa mkulu wa mpingo, dzina lake linkalemera pakamwa pa anthu a pakhomopa.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "kodi changa mulibe?"

"Iwe unatenga kale gawo lako. Si digiri ija? Uzivala yomweyo."

"Sindikufuna chodula ayi. Chilichonse chimene chinakhudzako thupi lawo."

"Thupi limenelo unaliwondetsa ndiwe."

Hajra anaweramira m'bokosi ngati sanamve. Zitenje zinapitirira kutuluka, zonyezimira, zina zisanachapidwepo, chilichonse ndi mwini wake. Pansi penipeni panatsala nsalu imodzi yofiirira ngati fodya wouma, ya mizere yopendekeka. A Useni anaitukula ndi nsonga ya ndodo, n'kufunafuna malemba a fakitale m'mphepete. Munalibe.

"Chisanza ichi n'cha pa kaunjika eti? Mpatse. Asakanene ku Nambuma kuti tinamumana."

Nsaluyo inagwera pa mapazi a Sumaiya. Anaizindikira isanafike pansi. Mayi ake anabwera nayo kuchokera ku Makka, kumene anagona hema imodzi ndi mayi wina wa ku chilumba cha Java. Chinenero sankamvana, choncho tsiku lotsazikana anangosinthana nsalu. Makasitomala akasowa, mayi Maimuna ankaiyala pa kauntala. "Taona, kuno ndi kuseri n'chimodzimodzi. Anajambula ndi phula, pamanja, miyezi. Zinazi n'zongodinda."

Zotsalazo Sumaiya anakaziwerenga ku koleji. Azungu a ku Holland, polamulira Java, anakopera nsaluzi pa makina kuti azigulitsa kwa eni ake. Eni akewo anaziyang'ana n'kuzikana, zombo n'kukhotera ku Africa. Zidzukulu za nsalu zokanidwazo ndi zimene amalume ankagawa lero ngati ng'ombe. Sanawauze. Akanawauza, chisanzacho chikanapeza mwini wake wina nthawi yomweyo.

Adhana ya masana itamveka ku mzikiti, a Useni anadzuka n'kumulambalala ngati mtondo. Sumaiya anatambasula nsalu ija pa mkeka, manja ake n'kuima. Inali yaifupi. Wina anali ataidula mbali imodzi.

"Alamu, waidula ndani?"

Hajra anasuzumira kukhomo kaye. "Okha. Mwezi watha, asanagonekedwe kuchipatala. Anandituma sizasi ya m'sitolo."

"Amayi? Kudula iyi?"

"Anati yatalika, mwana angamakolekemo. Amafuna ikhale mbereko." Hajra anayang'ana pamimba pa Sumaiya, pamene diresi lalikulu linali litalephera ntchito yake. "Msika wonse unkadziwa. Iwo anamvera kwa mayi wogulitsa tomato. Miyezi anawerenga okha."

"Nanga bwanji osandiitana?"

"Inu munabwera?"

Sumaiya anaweramira pa nsalu ija. Panja amayi ankakwecha mapoto a sadaka, wina akuseka chapansipansi.

"Muipinde msanga," anatero Hajra, akutseka bokosi. "Amalume akabwerako n'kumva, aisintha dzina."

Koma Sumaiya anali atapeza msoko. Mayi ake anali atayamba kupinda mphepete modulidwamo kuti musamasomphoke ulusi. Msokowo unayamba wowongoka, waung'onoung'ono, monga ankasokera kale. Chapakati unayamba kutalikirana, kenako kupotoka, uku ndi uku, ngati mapazi a munthu wotopa. Anautsata ndi chala mpaka pomwe unathera, kutatsala chikhatho chimodzi kuti ufike kumapeto.

Singano inali pomwepo, ulusi ukadali m'diso. Kunsonga kwake mayi Maimuna anali atabayako kachidutswa ka phesi la chimanga, kuti isamulase wodzaitola.