Maphini Mkamwa

Mayi Telala anali ndi diresi laukwati loti alipinde m'munsi, komanso asewere awo oti akhale nawo tsiku lonse. Diresilo silinkawaopsa. Nkhani inali pa asewerewo, mayi ake a mkwatibwi, amene ankalankhula Chisipanishi chokha.

Mwana wawo wamwamuna, mkwatiyo, anali atawadandaulira: "Amayi, dzulo simunawalankhule ngakhale kamodzi. Akuganiza kuti simukuwafuna. Akuti mwina abwerere kwawo ukwati usanachitike."

"Ndikanawalankhula ndi chiyani, mphuno?"

Anayankha choncho, koma mumtima zinawakhudza. M'mawa anaimitsa mwana wawo wamkazi, namwino, akutuluka kupita kuntchito.

"Iwe, tandifunsira liwu la Chisipanishi pafoni yakoyo. Ndikufuna kuwauza kuti agwire nsalu. Pachingerezi amati hold."

Namwino anadinadina. "Alipo ambiri, amayi. Sostener ndi kugwira chinthu kuti chisagwe. Agarrar ndi kugwira mwamphamvu, ngati mwagwira wakuba. Sujetar, kuti chisasunthe. Aguantar ndi kupirira."

"Ndapempha liwu limodzi, wandibweretsera mudzi wonse. Pita, odwala akudikira."

Asewere anafika, nakhala pampando wa pakona, chikwama pamiyendo ngati akudikira dokotala. Mayi Telala anaveka chidole chopimira zovala diresi lija, anagwada, nadzaza maphini pamilomo monga mwa masiku onse. Mawu anayi aja anali atasokonekera kale m'mutu. Nsalu nayo inali yoterera. Akaigwira uku, inkathawa uko.

Kenaka anamva maondo ena akulira pambali pawo. Asewere anali atavula nsapato n'kugwada. Anatapa maphini m'mbale, kuwaika pamilomo, n'kukoka nsalu ndi zala ziwiri pamalo enieni pomwe pankavutapo.

Anayang'anana, aliyense pakamwa pali minga ngati nungu. Woyerekeza kulankhula akanameza phini. Anazungulira diresilo, wina kumanja wina kumanzere, "mm" pakawongoka, "mm-mm" pakakhota, mpaka anakumana kumbuyo.

Mkwati atabwera masana anapeza apongozi ake ali pamakina osokera, amayi ake ataima pambali akuloza msoko ndi sizasi.

"Mwalankhulana?"

"Takangana kale kawiri," anatero Mayi Telala. "Amasoka mothinitsa kwambiri, koma dzanja ali nalo. Uwauze mawa alawirire, manja a diresi sitinawayambe."