Munthu Woyenda ndi Madzi

Nditafika ku Mhuju kudzayamba ntchito ya ulangizi pa sikimu yothirira, chinthu choyamba chimene ndinalemba m'kope langa chinali chakuti a Ellard Harawa amachedwa. Anachedwa pa msonkhano wondilandira. Anachedwanso pa wachiwiri. Tsiku lina ndinawaona chapatali akubwera mumsewu wa kumsika. Ndinalowa m'golosale, ndinagula sopo, ndinacheza ndi mwini wake za kutentha kwa chaka chino, ndipo potuluka ndinawapeza asanadutsebe pa mtengo wa mango umene uli pafupi ndi ofesi ya sikimu.

Sanali okalamba, sanalinso odwala. Anali bambo wa zaka makumi asanu ndi zingapo, wa miyendo yabwinobwino, koma ankayenda ngati asenza beseni lodzaza. Polankhulanso chimodzimodzi. Ukawafunsa kanthu, ankayamba akhala chete mpaka iwe n'kuyamba kudziyankha wekha. Kwa zaka khumi ndi zinayi, iwo ndiwo ankatsegula ndi kutseka madzi a sikimu yonse, opanda wotchi.

Ine ndine mwana wa ahedi a ku Ntcheu, amene ankatseka geti la sukulu belu lisanasiye kulira. Foni yanga ili ndi ma alamu asanu ndi awiri. Tiyi ndimamwa chiimire. Choncho nditamva kuti pa sikimupo madzi amagawidwa "monga a Harawa aonera", ndinadziwa kuti digiri yanga yapeza ntchito.

Sikimuyo ili ndi zigawo zinayi, A mpaka D, zotsatizana kutsetsereka ndi ngalande. Ndinakonza ndandanda: chigawo chilichonse maola awiri, osapitirira ngakhale mphindi. Ndinaisindikiza, n'kuikhoma pa chitseko cha ofesi. Tcheyamani wa komiti, a Kenneth Msiska, amene munda wawo uli m'chigawo A pafupi ndi geti la madzi, anawomba m'manja.

"Apa ndiye chilungamo chafika, amama alangizi. Yewo chomene!" anathokoza m'Chitumbuka.

A Harawa anayang'ana pepalalo kwa nthawi yaitali.

"Maola awiriwa," anatero, "ayambira pati?"

"Mukatsegula geti, adada."

"Oho."

A Harawa ndinawabwereka wotchi yanga yakale, ndipo anatsatira pepalalo mosaphonya. Ndinalemba mu lipoti kuti alimi alandira dongosolo latsopano ndi manja awiri.

Patatha masabata atatu, Okutobala ali pakati, mu ofesi munalowa amama Kezia Chavula, amene munda wawo ndi womalizira m'chigawo D, kumene ngalande imathera. Sanakhale pansi. Anagogoda pepala langa ndi chala.

"Alangizi, pepala lanuli limamwa madzi?"

"Bwanji, amama?"

"Chifukwa kwanga sakufika. Ndimati kapena akuthera pano."

Ndinawafotokozera mwaulemu kuti maola awo awiri akulandira ngati wina aliyense.

"Maola ndikulandira, mwana wanga. Ndawasunga ambiri. Koma nyemba zanga sizimwa maola." Anatambasula chikhatho. Munali timaluwa toyera tofota. "Zayamba kuchita maluwa, ndipo akugwa. Zikapanda kumwa sabata ino, ndidzakolola masamba. Ana anga adzadya pepala."

Chigawo D chinkalandira madzi Lachinayi, kuyambira teni koloko mpaka thwelofu. Lachinayi lomwelo, thwelofu koloko, abwana anga ankabwera kuchokera ku boma kudzaona ndandanda yanga yotchukayo. Ndinaganiza zopita ku geti m'mawa kuti ndikadzionere ndekha. Kunena zoona, ndinkapita kukagwira a Harawa akuchedwa.

Sanachedwe. Teni koloko ndendende anapotokola chitsulo, geti linakwera, madzi n'kulowa mu ngalande yopita ku D. Kenaka anatenga khasu, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa madziwo. Ndinawatsatira.

Poyamba ngalandeyo ndi ya simenti, ndipo madzi ankathamanga. Koma kuseri kwa nthochi za m'chigawo B simenti imatha, n'kuyamba dothi. Pamenepo madzi anafooka. Mutu wake unali kalilime kakang'ono ka thovu ndi zinyalala, kakukwawa pa dothi long'aluka. Mng'alu uliwonse unkayamba wamwa kaye, kukhuta, madzi n'kupitirira. A Harawa ankayenda pambali pa kalilimeko, osatsogola, osatsalira. Apa achotsa masamba ndi khasu. Apo aona una wa nkhanu umene ine sindinauone, aponderapo dothi ndi chidendene. Penapake anangoima, kudikira kuti kadzenje kadzaze.

Ine ndinatsogola katatu, n'kubwerera katatu. Kachinayi ndinachita manyazi, ndinayenda kumbuyo kwawo. Ndipo pamenepo ndinazindikira mayendedwe aja a mumsewu wa kumsika. Anali awa. Munthuyu anayenda pambali pa madzi zaka khumi ndi zinayi, mpaka miyendo yake inaiwala liwiro lina lililonse.

"Mu Juni madzi amafika msanga," anatero osandiyang'ana. "Ngalande imakhala yokhuta. Mwezi uno imayamba yamwa yokha."

Tinafika pa munda wa amama Kezia nthawi itangopitirira hafu leveni. Anali chiimire pa mzere woyamba, manja m'chiuno.

"Alendo afika," anatero. Sindinadziwe ngati ankanena ife kapena madziwo.

Madzi atangolowa mu mzere woyamba, a Harawa anayang'ana wotchi ija, n'kuika khasu paphewa.

"Ndibwerere, ndikatseke. Thwelofu madzi apite ku A. Pepala likutero."

Ndinawerenga mizere ya nyemba. Inalipo makumi atatu. Madzi anali pa wachiwiri.

"Adada, kale munkatani?"

Anakhala chete monga mwa nthawi zonse. Ulendo uno ndinaluma lilime, osadziyankha.

"Kale nthawi ya munthu inkayambira apa," anatero, akuloza pamene madzi anakhudza mzere. "Osati ku geti. Ku geti kulibe munda."

"Nanga munkadziwa bwanji kuti akwana?"

Anathyola kamtengo, n'kukazika m'dothi, n'kundionetsa pamene panathera chinyezi. Sipanafike ngakhale pa chikhadabo.

"Kakanyowa mpaka apa," analoza chapakati, "ndiye kuti nthawi yatha."

"Bwanji simunanene tsiku lija?"

"Ndinafunsa, amama. Munayankha msanga."

Amama Kezia anaseka mpaka kukhosomola. Nthawi yomweyo alamu yanga inalira, yondikumbutsa za abwana. Isanathe n'komwe, foni inalowa. Anali a Msiska.

"Alangizi, muli kuti? Galimoto ya boma yafika. Ndipo uzani mkulu uja afulumire, thwelofu yayandikira. Anyezi wanga akudikira."

Ndinayang'ana nyembazo. Pansi pa tsinde lililonse panali timaluwa toyera ngati wina wamwazapo mpunga. Pamwamba panatsala tina tambiri ndithu.

"A tcheyamani, lero madzi a ku A achedwa."

"Achedwa mpaka liti?"

Ndinayang'ana a Harawa. Anandionetsa kamtengo kaja.

"Mpaka nyemba za amama Kezia zitamwa."

"Imeneyo ndi nthawi yanji? Pepala ndi lanu lomwe, amama!"

"Ndi langa, eya. Ndiye ndikudziwa pamene lalakwika. Anyezi wanu anamwa dzulo lomweli. Abwanawo apatseni mpando pamthunzi."

Ndinadula foni. A Harawa anatsitsa khasu paphewa, n'kuyamba kutsegulira madzi mzere wachitatu. Sanaoneke ngati munthu amene wapambana mlandu. Ankangoyang'ana madziwo, monga ankachitira kuyambira teni koloko.

Mzere womaliza unamwa hafu wani. A Harawa anazika kamtengo m'malo atatu, n'kugwedeza mutu, ndipo tinabwerera ku geti. Ndikanatha kuthamanga, koma sindinathamange. Nditalowa mu ofesi, matope ali m'mapazi, abwana anali atamwa kale botolo lachiwiri la madzi. Anayang'ana wotchi yawo, kenaka nsapato zanga. Ndinawafotokozera za ngalande ya dothi. Anamvetsera, analemba kanthu m'buku lawo, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti analemba chiyani. Pochoka anangoti, "Ulendo wina muzidziwitsa." Ndinavomera.

Ndandanda ndinaikonzanso. Ikadali pa chitseko, ndipo masiku ake ndi omwe aja, koma pamene panali manambala a koloko ndinalembapo kuti "madzi akafika pa munda". Pansi pake pali dzina la a Harawa. A Msiska akuti pepala limeneli silioneka la munthu wophunzira.

Maluwa amene anagwa anagwa basi. Amama Kezia akuti anataya ngati gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo amandikumbutsa zimenezi tikakumana kulikonse, ngakhale ku tchalitchi. Koma otsalawo anagwira. Mu Novembala anandibweretsera zitheba m'kathumba, n'kuziika pa desiki.

"Izi n'za inu," anatero. "Pepala lanu musaligawireko, linadya kale."

Wotchi ija a Harawa anandibwezera itakulungidwa bwinobwino m'kansalu. Pa msonkhano wotsatira wa komiti anachedwanso. Tinawaona pawindo akubwera chapatali, khasu paphewa. A Msiska anati tiyambepo. Ine ndinati pali mfundo ina yoti ndiyang'ane kaye m'kope, ndipo ndinaiyang'ana mpaka iwo anadutsa pa mtengo wa mango.