Chaka Chimene Akufa Anakumbukira a Gaspare

Kwathu kuno ku Sicily akufa sakhala chete pa tsiku lawo. Pa 2 Novembala, kusanache, amatuluka kumanda n'kulowa m'nyumba za abale awo kudzabisira ana mphatso: zidole za shuga, zipatso zoumba ndi ufa wa mtedza wa alimondi, nsapato, ngakhale njinga ngati banjalo lili ndi akufa opeza bwino. Ana akadzuka amatembenuza nyumba yonse kufunafuna.

Kunyumba kwa a Gaspare Lo Verde, ometa tsitsi a pafupi ndi tchalitchi, kunali lamulo loikidwa ndi akazi awo, mayi Assunta: mwana akangoonetsa kuti wadziwa kumene mphatsozo zimachokera, akufa amamusiya. Calogero, mwana woyamba, anadzipachika yekha ndi pakamwa pake. Tsiku lina patebulo anafunsa kuti zatheka bwanji kuti agogo amene anamwalira iye asanabadwe adziwe kukula kwa phazi lake. Chaka chotsatira anangopatsidwa mbale ya nyemba ngati munthu wamkulu.

Mlongo wake Ninfa anatengerapo phunziro. Chinsinsicho iye anachitulukira kalekale, ataona mutu wa chidole cha shuga ukusuzumira m'dengu la mayi ake pansi pa kabichi, koma anatseka pakamwa kuti ndwii. Chaka ndi chaka ankachita sewero. Ankayamba dala kufuna kolakwika, kenako akapeza ankagwira pamtima n'kuyang'ana kudenga ngati woyera wa pachithunzi. Tsopano anali atatalika kufika paphewa la mayi ake, ndipo m'nyumbamo munalibe amene sankadziwa kuti mtsikanayu akudziwa. Kungoti umboni panalibe. Chaka chimenecho ankayembekezera nsapato zofiira, ndipo anali atakonza kale zodzapempha wotchi yapamkono chaka chotsatira.

"Iwe udzakwatiwa ukukwawabe pansi pa bedi," ankatero Calogero.

"Ndi nsanje imeneyo. Akufa amandikonda ine. Iwe unawanyoza."

"Musiye mwana wanga, ndi wachikhulupiriro," ankatero mayi Assunta, nkhope atailozetsa kumphika, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Koma mu Ogasiti chaka chomwecho anamwalira agogo a Liboria, mayi ake a Gaspare. Gogoyu anapita kumanda akukhulupirirabe kuti mwana wake ndi wowonda, chikhalirecho mimba ya a Gaspare inkalowa m'nyumba mwini wake akali panja. Lamulungu lililonse a Gaspare akapita kukawaona, gogoyo ankawakankhira m'thumba la jekete nkhuyu zouma zoikamo alimondi, kwinaku akudandaula kuti mpongozi sadyetsa mwamuna. Chimwalirireni gogoyo, Ninfa anaona kangapo bambo ake, potuluka m'tchalitchi, akupisa dzanja m'thumba lija, n'kulitulutsa lopanda kanthu, n'kuliyang'ana ngati la munthu wina. Zinkamupweteka mtima Ninfa, ndipo sankadziwa chochita.

Dzulo lake la tsiku la akufa, pa chakudya chamasana, a Gaspare anayesa kuchita nthabwala.

"Nanga agogo ako akubweretsera chiyani, poti ndi ulendo wawo woyamba?"

"Nsapato zofiira, ndikuganiza. Nanga inuyo, ababa?"

"Ine? Akufa sayang'ana anthu andevu, mwanangu."

Anaseka, koma palibe anawathandiza kusekako.

Anthu atapita kukapumula masanawo, Ninfa anakwera pampando n'kutsitsa botolo la nkhuyu. Anazing'amba ndi mpeni wodulira buledi, anaswa alimondi ndi chidendene cha nsapato, anakulunga zonse m'kapepala ka kugolosale. Atafika pa jekete lakuda la bambo ake kuseri kwa chitseko, anaima. Sanali wopusa. Mayi ake ankazidziwa nkhuyu zawo ngati ana awo, ndipo mwana wogwira ntchito ya akufa ndi manja ake sanganenenso kuti sadziwa kanthu. Anaika kaphukusiko m'thumba, anakachotsa, anaganiza za wotchi ija. Kenako anakabwezeramo n'kuthawa asanasinthenso maganizo.

M'mawa nsapato zofiira anazipeza mu uvuni. Anagwira pamtima monga mwa nthawi zonse, koma sewero la tsiku limenelo linali lozizira, moti Calogero anafunsa ngati woyera wawo wadwala m'mimba.

Onse atavala zopita kumanda, mayi Assunta atanyamula maluwa, a Gaspare anavala jekete n'kupisa m'thumba kufuna mpango. Anaima pakati pa khomo osasuntha. Kenako anatulutsa kaphukusi kaja n'kukamasula pang'onopang'ono. Nkhuyuzo zinali zong'ambika mokhota, ina itaphwanyika, alimondi akutulukira m'mbali.

Calogero anatsegula pakamwa. Mayi ake anamuponda phazi.

"N'chiyani icho, a Gaspare?" anafunsa mayi Assunta, mawu ali osalala.

"Amayi," anatero a Gaspare. "Amayi anabwera."

Anaponya nkhuyu imodzi m'kamwa, ndipo panamveka kuti khutchu. Analavulira m'dzanja kachidutswa ka chigoba.

"Kumene aliko maso ayamba kuwavuta. Kale sankasiya chigoba."

Anaseka, ulendo uno mochokera pansi pa mimba, misozi ikutsikira m'ndevu. Anagwira pamtima, anayang'ana kudenga, anayang'ana chitseko, wotchi yapakhoma, mphaka, chilichonse kupatula mwana wawo wamkazi. Ninfa anaona kuti pa zochita sewero bambo ake ndi mbuli yeniyeni, ndipo anawakonda kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Kumanda kunali anthu ngati pamsika, ana akuonetsana zidole pakati pa mitanda. A Gaspare anapukuta chithunzi cha mayi awo ndi mkono wa jekete n'kulankhula mokweza, mpaka a banja la manda oyandikana anatembenuka.

"Zikomo, amayi. Ndadya. Musadandaule, ndikunenepa."

Pobwerera, amuna ali kutsogolo, mayi Assunta anachepetsa liwiro mpaka Ninfa anawapeza.

"Nsapatozo zikukuthina?"

"Ayi, amayi."

"Uzisamale. Ndi zomaliza."

Ninfa ankadziwa kuti mawu amenewa abwera, komabe anamulasa. Anayesa kamodzi kokha, chapansipansi.

"Ngakhale wotchi?"

"Ngakhale wotchi." Mayi Assunta anamukonza kolala ya diresi, ngakhale inali yowongoka kale. "Chaka chamawa udzandiperekeza kumsika. Akufa athu achuluka, mwanangu, sindingathe ndekha."