Madisiki a mabowo

Zaka ziwiri Pei-shan ankalota tsiku limene chibwenzi chake Chun-hao adzakwere naye kuphiri kukaonekera kwa makolo a mtsikanayo. M'malotomo munkakhala nkhungu, minda ya tiyi ndi kanyimbo kapansipansi. Tsikulo litafika, anangopezeka wakhala pa tayala lakutha m'galaja mumzinda wa Chiayi, thukuta lili kamukamu, chibwenzi chakecho chikusisita chitsulo.

Mabuleki a galimoto ya Chun-hao ankanjenjemera, ndipo makaniko, a Kuo, anali atayala pa benchi madisiki awiri, zitsulo zozungulira za mabuleki.

"Ili ndi la kufakitale," anatero a Kuo, akulavula malovu ofiira a mtedza wa kumeneko umene ankatafuna ngati fodya. "Ndi losaoneka bwino ngati ine ndemwe, koma ntchito limagwira. La mabowoli wabwera nalo wekha, ndipo amene analipanga anachita manyazi kulembapo dzina."

"La mabowo limapuma, amalume. Anthu a mipikisano ya magalimoto amamanga amenewa."

"Iwe mpikisano wako umapanga ndi ndani? Azimayi a pa njinga zamoto opita kumsika?"

Chun-hao anaseka, kuyesa amutamanda. Anagwada n'kuika disiki lonyezimiralo kuseri kwa limu ya tayala, n'kulijambula pa foni kanayi konse. Pei-shan anali asanajambulidwe ndi kamodzi komwe tsikulo, chonsecho diresi linali latsopano.

"Msewu wa kwawo kwa mtsikanayu ndimaudziwa," anapitiriza a Kuo. "Potsika, phazi silichoka pa buleki kwa ola lathunthu. Chitsulo chachabe chikapsa chimayamba kung'aluka pa mabowo pomwepo."

"Pei-shan, taona kuwala kwake," anatero Chun-hao. "Bambo ako akangoona adziwa kuti mkamwini ndi munthu wodziwa zinthu."

Mtsikanayo anaganiza za bambo ake, amene atsitsa tiyi pa kalole kawo kabuluu zaka makumi atatu, ndipo sayamika galimoto asanaiponde buleki. Koma bambo sanali nkhani. Iye ankafuna kumva mawu amodzi okha osonyeza kuti Chun-hao amalabadira moyo wake.

"Potsika, mbali ya kuphompho ndikhala ndine," anatero mwakachetechete.

"Ndiye uzikatsinzina," anayankha Chun-hao.

Anadikirabe, poti mwina mnyamatayo adzutsa mutu n'kumuyang'ana. Amene anamuyang'ana anali a Kuo, ndi maso a munthu amene waona galu akukana nyama n'kutola chigoba cha dzira. Chun-hao anali kalikiliki kupukuta pamene chala chake chinadinda pa chitsulocho.

Pei-shan anadzuka, nasasa fumbi pa diresi.

"Amalume, basi yokwera kuphiri imanyamuka nthawi yanji?"

"Ukathamanga uipeza ya 2 koloko, mwanawe."

Apa m'pamene Chun-hao anacheuka, pakamwa pali yasa. "Iwe, wapenga? Makolo ako akudikira anthu awiri. Ukawauza chiyani?"

"Ndiwaimbira ndili m'basi kuti nkhuku asaphe."

Anatuluka osacheuka. Kumbuyo anamva a Kuo akufunsa mosatekeseka, "Tsono bwana wa mipikisano, timange liti?"