Mfuti ya Marnie ndi Mpweya wa a Roscoe

Mfuti yovinira, yosemedwa ndi mtengo, inakwera m'mwamba, inazungulira bwinobwino, inatsika n'kugwera m'manja mwa Marnie kuti khatha. Mtsikanayo anaima nji, chibwano m'mwamba, mano onse pamtunda, kumwetulira mipando yopanda anthu. Anzake a gulu lovina ndi mbendera anaimanso chimodzimodzi. Zonse zinali m'malo mwake kupatula nyimbo. Nyimbo inali isanafike.

Pansanja, kumbuyo kwa ovinawo, a Roscoe Dillard anali akupukuta thukuta m'khosi. Anapinda kampango kawo, anakabweza m'thumba, anang'ung'udza ngati munthu wolawa ndiwo, ndiyeno anatulutsa liwu lomaliza la nyimbo yawo, lalitali, lokoma, koma lopita kwa mtsikana amene anali ataweruka kale.

Unali m'mawa wa tsiku la chionetsero, m'bwalo lalikulu lofolera la mumzinda wa Toledo. Magulu a mbendera a m'matauni ozungulira anaitanidwa, gulu lililonse n'kulipatsa woyimba wake ndi bandi yake. Ana amenewa chibadwire amavinira nyimbo yojambula, imene sitsokomola, sipukuta thukuta, siganiza za moyo. Amaiwerenga m'mutu, mwendo n'kumatsatira. A Roscoe anawatumizira nyimbo yawo yojambula Khrisimasi isanafike, ndipo anaivinira nyengo yonse ya chisanu m'holo ya sukulu, mpaka ena ankaponya mapilo kutulo. M'nyimbo yojambulayo, liwu lomaliza lisanatuluke panali kampata kakang'ono. Kampatako kakatha, Marnie amaponya mfuti pamodzi ndi liwulo, n'kuiwakha pomwe ng'oma yomaliza yagunda. Koma lero a Roscoe anabwera okha ndi thupi lawo, ndipo kampata kaja kanasanduka munda.

Mayi Brubaker, mphunzitsi wa gululo, anaomba m'manja kuti abwereze. Anabwereza. Ulendo uno achikulirewo sanapume n'komwe, anangolumphira liwu lomaliza ngati munthu wothamangira basi. Marnie anadzidzimuka, anaponya mopupuluma, mfuti inapita chammbali, inamenya pansi n'kugudubuzika mpaka kukagogoda phazi la woyimba gitala. Mnyamatayo anakweza manja onse awiri, akuti wagonja, asamuombere.

Oyimba anaseka. Ana a mbendera sanaseke. Kwa iwowa mfuti ikagwa pansi ndi maliro.

Mayi Brubaker anapita kunsanja ndi kumwetulira kwa munthu woti dzino likumuwawa, n'kupempha kuti mwina bambo angayimbe monga anayimbira pojambula paja. A Roscoe anakanda imvi zawo. Anati tsiku lojambulalo anali ndi chimfine, ndipo sakumbuka chimene anachita. Anati nyimbo imeneyi ayiyimba kuyambira amayiwo asanamere mano, ndipo sinatulukepo kawiri mofanana, chifukwa kampata kaja si kawo, n'ka mtima.

"Mtimawo sungauze wotchi, bambo?"

"Mayi, ukanatha kutero bwenzi ndisanasudzulidwe kawiri."

Nthawi yawo yoyeserera inatha, gulu lina linali likukoka kale lona lawo lovinirapo pakhomo. Mayi Brubaker anasonkhanitsa ana awo m'kanjira n'kugamula. Kuponya komaliza kwachotsedwa. Marnie azingozunguza mfuti m'manja mpaka ng'oma igunde, kaya igunda lero kaya mawa. Sangalole kuti gulu lawo ligwetse mfuti pamaso pa mzinda wonse.

Marnie anangoti chabwino aphunzitsi. Ana a mbendera sayankha akuluakulu, amakalirira kuchimbudzi. Koma iye sanafike n'komwe kuchimbudziko. Anakakhala pabokosi la mitengo ya mbendera, mfuti pamwendo, akuisisita ngati mphaka wodwala. Chimenechi chinali chionetsero chake chotsiriza. Zaka zake zinali zitapyola zimene malamulo a gulu amalola, ndipo sabata yotsatira amayamba ntchito yolandira odwala kwa dokotala wa mano. Analowa gululi ali kamwana kopitidwa ndi mtengo wa mbendera. Anathyokapo chala, anataya chikhadabo, mphuno inalawapo chitsa cha mfuti, zonsezo kuti tsiku lina kuponya komaliza kudzakhale kwake. Tsikulo linafika, n'kumupeza atalamulidwa kutakasa phala.

Azakhali ake, a Verna, amene amasoka mbendera za gululo, anamupeza pomwepo. Anali ndi mapini pakamwa ndi soseji m'dzanja, ndipo zonse ziwiri amazisamalira bwino.

"Nkhope imeneyo ukaionetse kwa dokotala wa mano, odwala akathawe asanazulidwe," anatero, n'kumukankha ndi chiuno kuti awapatse malo.

Marnie anadandaula kuti achikulire aja sawerengeka. A Verna anati n'zoona, amuna onse sawerengeka, koma amaoneka. Anati iwo anaimba kwaya ya kutchalitchi zaka zambiri kumbuyo kwa madala ena a mtundu womwewo, ndipo aliyense asanatulutse liwu lalikulu amakweza mapewa ngati tambala. A Roscoe nawonso amatero. Atembenuke, awayang'ane, mapewa akakwera aponye.

Marnie anawayang'ana azakhali akewo ngati anena kuti avine ali chibadwire. Nsanja ili kumbuyo. Kuti aone mapewa a a Roscoe ndiye kuti aloze msana kwa anthu. Chiyambire, chinthu choyamba chimene mwana wa mbendera amaphunzira, asanagwire n'komwe nsalu, n'kukweza chibwano n'kumwetulira kumwamba kwenikweni kwa mipando, kumene kumakhala oweruza ndi mapensulo awo. Uponye, ugwe, utuluke magazi, maso akhale komweko.

"Oweruza ake ati?" anafunsa a Verna. "Lero si mpikisano. Ndakwerako ine kumwamba kwakoko. Kuli mnyamata wogulitsa mbuliwuli, ndipo ngakhale iyeyo ali pafoni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wa mchimwene wanga."

Marnie anati zonsezo n'zopanda ntchito, aphunzitsi agamula kale. A Verna anati Brubaker amamudziwa kuyambira ali mtsikana wonyowetsa mabedi kumsasa, ndi wouma kunja ngati buledi wa dzana, koma m'kati ndi wofewa. Adikire aone.

Ndipo azakhaliwo sananame. Nthawi yomweyo Mayi Brubaker anali ataima pakhomo la chipinda cha oyimba, akukweza dzanja n'kulibweza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Analowa. Anawapeza a Roscoe atavula nsapato, mapazi pampando, akumwa tiyi wa uchi. Anawafotokozera za mtsikana uja, kuti lero ndi lomaliza. Sanawapemphenso kuti awerenge. Anangopempha chinthu chimodzi: pa kampata kaja amuyang'ane mwanayo, asatulutse liwu mpaka ataona mfuti yachoka m'manja. Mwanayo aponya panthawi yake monga amachitira masiku onse, iwo angomutsatira.

A Roscoe anaseka mpaka tiyi anatayikira pa sokosi. Anati atsatirapo oyimba ng'oma oledzera ndi abusa osadziwa pothera pemphero, koma kutsatira mfuti n'koyamba. Anavomera.

Tsono apa ndiye panadzalidwa mavuto. Mayi Brubaker ndi munthu woti kupempha kumamuwawa kuposa jekeseni, ndipo sankafuna kuti ana adziwe kuti anakagwada. Anaona kuti palibe chifukwa chomufotokozera Marnie. Mwana wa mbendera amawerenga basi, china angachite n'chiyani? Choncho masana, gulu lili m'kanjira kolowera m'bwalo, zovala zonyezimira, tsitsi lomatidwa kuti gwa, lona lili pamapewa, anangodutsa pafupi ndi Marnie n'kunena osamuyang'ana.

"Mfuti ija uponye."

Marnie anawatembenukira. Anafuna kufunsa kuti aponye bwanji, koma chitseko chinatseguka, phokoso la anthu linawagwera ngati mvula ya matalala, ndipo onse anathamanga. Ali m'liwiro lomwelo anagamula yekha: atembenuka, aona mapewa.

Bwalo linali lodzaza mpaka kudenga. Makolo ndi mabelu a ng'ombe, ana a magulu ena atakhala m'mizere ndi utoto kumaso, agogo ndi zikwangwani. Lona linayalidwa, magetsi anazima n'kuyakanso ofiira, malipenga analira, ndipo pansi panayamba kunjenjemera. Ana aja anali asanavinirepo nyimbo yomveka m'mafupa. Ng'oma imagunda m'chifuwa, gitala amakwawa m'miyendo. Mbendera zinatseguka zonse pamodzi kuti phaa, zachikasu ngati moto, anthu n'kukuwa. A Roscoe, ndi suti yawo yobiriwira, amayimba ngati abwezeredwa unyamata, uku akuloza mbendera ndi chala, uku akugwedeza bondo limene m'mawa amalidandaula. A Verna, pampando wakutsogolo, anauza mayi woyandikana nawo kuti aliyense wonena kuti tsabola wakale sawawa abwere adzalawe uyu.

Malupanga amene ovina ena amaponya anakwera n'kutsika, palibe linagwa. Nyimbo inafika kumapeto. Bandi inatsitsa mawu, kunangotsala limba likung'ung'udza pansipansi. Ana onse anauma pomwe anali, mbendera m'mwamba, mwendo umodzi m'malere, monga anaphunzirira. Marnie anafika pakati pa lona, anapuma, ndipo anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anatembenuka n'kuwapatsa anthu msana.

Mayi Brubaker, m'mbali mwa bwalo, analuma chingwe cha wezulo yawo.

Marnie anayang'ana mapewa a a Roscoe. A Roscoe anayang'ana manja a Marnie. Mapewa sanakwere, chifukwa mfuti inali isanachoke. Mfuti sinachoke, chifukwa mapewa anali asanakwere.

Limba linapitiriza kung'ung'udza. Woyimba ng'oma anali ndi timitengo m'mwamba, maso akuthamanga uku ndi uku. Miyendo ya ana aja inayamba kunjenjemera, koma mano anali pamtunda, akumwetulira wogulitsa mbuliwuli. Anthu anayesa kuti ndi mmene chinakonzedwera. Wina anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, mzere wake unalandira, kenaka bwalo lonse, mapazi n'kumagunda pansi. Mkulu ndi mwana anangoyang'anizana ngati mbuzi ziwiri pamlatho. A Verna, amene anazindikira msanga chimene chachitika, anagwira m'mimba ndi kuseka, misozi ili chuchuchu.

Potsiriza a Roscoe anabweretsa chimkuzamawu pakamwa, n'kufunsa modekha, bwalo lonse likumva.

"Mwanawe, kodi ukudikira ine?"

Marnie anagwedeza mutu kuvomera.

"Inenso ndikudikira iwe. Tsono m'modzi wa ife alimbe mtima, chifukwa ine mankhwala anga a mtima ndimamwa ndi chakudya chamadzulo."

Bwalo linaphulika. Marnie naye anaseka, kuseka kwenikweni, kosaphunzitsidwa, kokhwinyata mphuno. Mantha onse anatsikira kumapazi. Anapinda mawondo, anakankha, mfuti inachoka.

Inakwera kuposa mmene inakwererapo m'holo ya sukulu, chifukwa kuno kunalibe denga lapafupi loti aziliopa. Inapita ikuzungulira, yoyera, kulowa m'kuwala kwa magetsi mpaka ena anaitaya. Mapewa a a Roscoe anakwera, liwu linatuluka n'kuitsatira komweko. Achikulirewo anapendeka chagada, maso pa mfuti, mitsempha ya m'khosi ili tototo, osalola kuti liwu lithe chinthucho chisanatsike. Chinatsika. Marnie anatambasula manja, ndipo khatha wa mfuti ndi kugunda kwa ng'oma zinamveka ngati chinthu chimodzi.

Anthu anaimirira. A Roscoe anagwira mtengo wa chimkuzamawu ndi manja awiri, akupuma ngati akwera phiri, n'kumuloza mtsikanayo ndi chala.

Koma ana a mbendera alibe nthawi yomva kukoma kwa m'manja. Gulu lotsatira linali pakhomo. Miyendo ija inatsika, mbendera zinatoleredwa, aliyense anathamangira m'mphepete mwa lona kukalipinda. Marnie anagwira ngodya yake, mfuti m'khwapa, zikhato zikuyaka moto, n'kuyamba kukoka chafutambuyo, anthu akadali chiimire kuitana mtsikana wa mfuti.

Ngodya yoyandikana nayo inagwidwa ndi Mayi Brubaker. Anakoka limodzi mpaka m'kanjira.

"Unawaloza anthu msana," anatero amayiwo.

"Eya, aphunzitsi."

"Akanakhalapo oweruza bwenzi titathera pomwepo."

"Eya, aphunzitsi."

Anaika lona pangolo. Mtsikana wosunga zida anabwera ndi bokosi, akutolera malupanga ndi mfuti za gulu, n'kutambasula dzanja kwa Marnie. Mayi Brubaker analibweza dzanjalo.

"Imeneyo isiye. Yapindika, siingathandizenso gulu."

Mtsikanayo anaiyang'ana mfutiyo, yowongoka ngati nsungwi, anawayang'ana aphunzitsi, n'kutseka bokosi. Marnie anaipanikiza m'khwapa, anagwira chogwirira cha ngolo, n'kuthandiza anzake kukankhira lona kubasi.