Anyani a ku Mkuyu ndi Sukulu ya Vainess

Lolemba lija adada anati, "Vainess, yunifomu ivule. Kuyambira lero uzikalonda kumunda."

Vainess ndi mkulu wanga, ali Giredi 7. Ine ndine Monalisa, ndili Giredi 5, ndipo anthu a kuno ku Chikwa, m'boma la Chama, amati pakamwa panga sipatsekeka.

Chimanga chinali chitayamba kukhwima, anyani nawo atayamba kubwera. Chaka chatha njovu zinatidyera theka la munda, moti adada akangomva phesi kuthyoka mtima umawathawa.

"Nanga mayeso anga?" anafunsa Vainess.

"Mayeso sadyedwa. Ukabwerera tikakolola."

"Bwanji Brilliant asapiteko masiku ena?" anafunsanso Vainess.

Brilliant ndi mlongo wathu wa Giredi 6. Adada anati iye ndi mwamuna, sukulu yake siyenera kudukizidwa. Amama anangoyang'ana pansi.

Ine mantha anandigwira chifukwa nkhani ya Tryness, mtsikana wa m'mudzi mwathu, ndimaidziwa yonse. Nayenso anamuuza kuti akabwerera akakolola. Atabwerera anapeza anzake ali patali, manyazi anamugwira, anasiya. Manje ali pabanja ku Tembwe, mwana kumsana, koma ndi wa msinkhu wa Vainess.

Vainess ankachoka m'mamawa ndi chitini ndi ndodo. Ankabwera madzulo mawu atasasa. Mabuku ake anayamba kuchita fumbi. Tsiku lina ndinamupeza akuyang'ana yunifomu yake, ndipo anati, "Ikakukwana uzivala iwe." Sindinadye bwino.

Ndiye kumjigo, kumene timatunga madzi, nkhani zinali mbwee. Ati Jenny wa a Gordon nayenso sakupita kusukulu. Ati kwa amayi Irene atsikana awiri akulonda. Ati kutsidya kulinso wina. Ndinawerenga pa zala: atsikana asanu, mnyamata ndi mmodzi yemwe ayi.

Kenaka kunabuka ndewu. A Gordon, amene munda wawo wagundana ndi wathu, anabwera pakhomo maso ali psuu.

"A Meshack, mwana wanu akuthamangitsira anyani m'munda mwanga!"

"Nanga wanuyo dzulo anawathamangitsira kuti? Si kwanga?" anayankha adada.

Anatukwanizana mpaka nkhuku zinathawa. Pamapeto adada anati, "Ngati ndi choncho, Vainess azikhala komweko mpaka dzuwa kulowa."

M'mawa mwake Madamu Mwaka, aphunzitsi a Giredi 7 amene anachokera ku Kabwe, anandiitana.

"Monalisa, mkulu wako akudwala?"

Amama anali atandiuza kuti za pakhomo ndisamalalike. Ndinayesa kudzigwira, zoona. Koma zinangotuluka zokha, zonse, mpaka za nkhuku zothawa.

Madamu sanaseke. Anati, "Uwauze adada ako kuti Loweruka ndibwera. Sindikubwera kudzakangana. Ndikufuna kuona mundawo."

Adada atamva, anandiyang'ana moti ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinkaganiza kuti mwina ndaonongeratu zinthu.

Loweruka Madamu anafika atavala chitenje ndi nsapato za mphira. Anali atapemphanso amayi Irene kuti aitane makolo onse a minda ya kumtsinje. A Gordon ndi adada anaima motalikirana, osapatsana moni.

"Makolo anga, njala ndimaidziwa," anatero Madamu. "Sindinganene kuti musiye chimanga chidyedwe. Koma ndiloleni ndifunse alondawa. Vainess, anyani amachokera kuti?"

"Pa mkuyu paja, pamene mtsinje uli wosaya."

"Jenny, nanga kwanu?"

"Amachokera kwa a Vainess."

"Akachoka kwanu?"

"Amapita kwa amayi Irene."

Atsikana a amayi Irene anati iwo akamenya zitini, anyani amazungulira n'kubwereranso kwathu. Aliyense anatchula nyani yemweyo, wamkulu wa mchira woduka.

Amayi Irene anaomba m'manja. "Mayo ine! Ndiye kuti ana asanu asiya sukulu kuti azipatsirana anyani amodzimodzi ngati mpira?"

Anthu anaseka, koma adada ayi. "Manje tichite bwanji? Tiwasiye?"

"Muwatsekere pakhomo pamene amalowera," anatero Madamu. "Mumange nsanja imodzi pa mkuyu. Akuluakulu muzisinthana, banja lililonse tsiku lake, awiriawiri, ndi agalu. Ana azithandiza Loweruka, anyamata ndi atsikana mofanana."

"Ine ndisiye chimanga changa m'manja mwa a Gordon?" anatero adada. "Ndipo tsiku la azimayi anyani adzachita phwando. Nyani saopa munthu wa diresi, aliyense amadziwa."

Apo Vainess, amene sanatsutsepo adada pagulu n'kamodzi komwe, analankhula motsitsa mawu.

"Adada, ngati nyani saopa wa diresi, ine munanditumiranji?"

Ine ndinagwira mkono wa amama. Ndinkangoti basi, lero kwatha.

Adada anayang'ana Vainess nthawi yaitali. Anaona milomo yake yong'aluka ndi dzuwa, anaona chitini chobooka m'manja mwake. Kenaka anatembenuka.

"A Gordon, nkhwangwa yanu ndi yakuthwa?"

"Kuposa pakamwa panu," anatero a Gordon.

Nsanja inamangidwa tsiku lomwelo. Lolemba atsikana onse asanu anabwerera kusukulu. Madamu ankatsala nawo akaweruka kuti apeze anzawo.

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Tsiku la a Gordon, adada ankangoyenda uku ndi uku pabwalo, mpaka anapita kukasuzumira. Anawapeza ali pansanja ndi legeni, agalu ali pansi, wa mchira woduka atakhala kutsidya ngati munthu wosowa basi. Tsiku la amayi Irene ndi amama, anyani anayesadi kuwoloka. Anakumana ndi miyala, sanabwerenso tsiku limenelo. Brilliant naye analawa dzuwa la Loweruka, ndipo anabwera akudandaula kuti kukhosi kwauma. Vainess anangomupatsa madzi.

Chimanga china chinadyedwabe, sindinama. Koma tinakolola kuposa chaka chatha, ndipo Vainess analemba mayeso ake n'kukhoza. Yunifomu ija sindinaivale. Anaivala mwini wake mpaka inang'ambika m'khwapa.

Makolo a ku Chama, vuto likagwa pakhomo musathamangire kuchotsa mwana wamkazi kusukulu. Sukulu yake ndi yofunika ngati ya mlongo wake. Funsani anzanu oyandikana nawo, mwina nyani amene akukuvutitsani ndi yemweyo akuvutitsa iwo, ndipo mukagwirizana ana onse adzakhala m'kalasi. Inunso anzanga, mnzanu akasowa kusukulu musakhale chete. Kauzeni aphunzitsi. Amama amati ndichepetseko pakamwa, ndipo ndikuyesa, koma pa nkhani iyi yokha ayi.